Atengwa awiri, ketulo imodzi

Lamlungu lija limandibwererabe. Tinali m'khitchini mwa apongozi, kunja kukuwaza kamvula kosakata kaja ka ku Wigan, kumpoto kwa England, ndipo mtengwa watsopano anali atangotsika ndege dzulo lake kuchokera ku Tennessee, ku America. Apongozi aakazi ananyamuka, natenga ketulo, n'kumufunsa ngati angamwe tiyi. Iye anamwetulira mano onse panja, nati ayi zikomo, asavutike, madzi ali nawo. Anatulutsadi chibotolo chachikulu m'chikwama n'kuchikhazika patebulo.

Apongozi anaima ndi ketulo m'manja ngati munthu amene wapereka dzanja la moni koma mnzake osalilandira. Kenako anaibwezera pamalo pake osaiyatsa. M'nyumba munangoti zii. Mwamuna wanga anayamba kukamba za nyengo, mng'ono wake, mwini mkaziyo, anazolika, ndipo mlendo wathu sanaone chilichonse. Anapitiriza kusimba za ulendo wake mosangalala.

Ine ndinakwatiwa ndi mwana woyamba wa m'nyumbamo, iye wachiwiri. Ndinali nditatha kale zaka 4 m'banjali, ndipo tsiku limenelo ndinamuweruza mumtima kuti uyu ndi wamwano. Kwathu ku Zomba, ngakhale utakhuta chotani, akakuikira mbale umasamba m'manja n'kutemako mbamu imodzi. Sindinkadziwa kuti kwawo kukana chakumwa kumatha kukhala ulemu, kumuuza mwini nyumba kuti asadzivute chifukwa cha iwe. Chiweruzo chimenecho ndinachisunga nthawi yaitali.

## Zimene ndinatenga kwathu osadziwa

Anthu akamva kuti m'banja muli atengwa awiri, wina wa ku Malawi wina wa ku America, amangoti wa ku America ndiye anazolowera msanga. Pamapepala zinalidi choncho. Ine ndisanapatsidwe viza ndinalemba mayeso a Chingerezi, ndinakajambulitsanso chifuwa kuti aone ngati ndilibe TB. Iye sanafunsidwe zimenezi. Tinangofanana pa kudikira zaka 5 tisanaloledwe kukhazikika, ndi pa mayeso aja a Life in the UK, ofunsa za mbiri ndi moyo wa dziko lino, mafunso 24 pa mphindi 45, ofunika kukhoza 18.

Koma m'khitchini zinthu zinatembenuka. Ine ndinakula ndikumwa tiyi wamkaka wothira shuga, ndi masikono opaka Stork. Bisiketi ndinkaidziwa, chipisi cha pachiwaya ndinkachidziwa. Galimoto kwathu zimayenda kumanzere, pulagi ndi yomweyi ya mano atatu, pa 26 Disembala ndi tchuthi cha Boxing Day, ndipo bambo anga m'mawa uliwonse ankatchera BBC pa wailesi yawo asanapite ku ntchito. Ulamuliro wa Angerezi, kuyambira 1891 mpaka 1964, unatisiyira zambiri zimene sitinapemphe, zina zowawa kwambiri. Koma nditalowa m'nyumba ya apongozi, manja anga ankadziwa kale chochita. Ngakhale masamba a m'timatumba ta tiyi amene amamwa kuno, ena ndi a ku Thyolo ndi Mulanje.

Chinanso n'chakuti ine ndimaoneka kuti ndine mlendo. Anthu akandiona amalankhula pang'onopang'ono, amandifotokozera zinthu, nthawi zina mopitirira muyeso. Zimenezo zili ndi ululu wake, ndidzaukamba tsiku lina. Koma mnzangayu, mzungu wolankhula Chingerezi choyamwira, palibe amene anaganiza zomufotokozera kanthu. Akalakwitsa sankati ndi ulendo. Ankati ndi khalidwe lake. Anali mtengwa wolowa m'banja popanda anankungwi, ndipo ine amene ndikanamunong'oneza ndinangopenya.

## Mawu amodzi, mbale zosiyana

Sabata yake yachiwiri apongozi anamuimbira foni kuti abwere ku "tea" 5 koloko. Anadya kaye kunyumba n'kukhuta, poganiza kuti akukamwa kapu imodzi ndi kabisiketi. Anapeza tebulo layalidwa: nyama, mbatatesi, nsawawa, msuzi. Kumpoto kwa England kuno "tea" ndi chakudya chamadzulo, ndipo "dinner" ndi nkhomaliro. Anangotolatola m'mbale, ndipo apongozi anawerenga kachiwiri. Wakana tiyi, wakananso chakudya.

Pofuna kukonza zinthu, anaitana banja lonse kuti lidzadye kadzutsa wa kwawo, amene amati "biscuits and gravy". Apongozi aamuna, munthu wofatsa amene anakalambira pa ntchito ya njanji, anapita akuganiza kuti akadya mabisiketi otsekemera omizidwa mu msuzi wa nyama, ndipo nkhope yawo inkaonetsa. Chimene chinabwera chinali ngati sikono yofewa yosatsekemera, yothiridwa msuzi woyera wa mkaka, ufa wa tirigu ndi soseji. Ine ndinadya ziwiri, zinandikomera. Iwo anadya mwakachetechete n'kunena kuti ndi zachilendo ndithu. Kuno mawu amenewo amatanthauza kuti basi, tisadzazionenso. Iye anawamva ngati chiyamiko, naphikanso mwezi wotsatira.

Mawu akuti "pudding" okha anamuzunguza chaka chathunthu. Kwawo ndi kaphala kotsekemera kozizira. Kuno ndi chilichonse chotsekemera chodya pomaliza, komanso ndi Yorkshire pudding, imene ndi ufa wa tirigu, mazira ndi mkaka zophikidwa mu uvuni m'mafuta otentha mpaka zitatupa, zodyera nyama ya ng'ombe Lamlungu. Ndiponso pali black pudding, soseji ya magazi a nkhumba ndi oats. Ameneyu anamudya theka asanauzidwe, ndipo atauzidwa anaika foloko pansi, osadzamukhudzanso mpaka lero.

Nyemba m'mawa zinamudabwitsa koposa. Nyemba zam'chitini za msuzi wa tomato, kuzithira pa buledi wowotcha, n'kumati ndadya. Chimene chinamuwawa n'chakuti dzina la pachitinipo ndi la kwawo. Kampani ya Heinz inayambira ku Pittsburgh, ku America, koma nyemba zimene Angerezi amadya zimaikidwa m'zitini ku Kitt Green, konkuno ku Wigan, ndipo mumsewu wa apongozi muli mabanja amene agogo, makolo ndi ana onse anagwirako ntchito ku fakitale imeneyo. Kunyoza nyemba m'tauni muno kuli ngati kunyoza tiyi ku Thyolo. Marmite nayo, chiphala chakuda chamchere chija chimene chakhala chikupangidwa ku Burton upon Trent kuyambira 1902 kuchokera ku yisiti yotsala pofulula mowa, iye anaipaka mochindikala ngati chiponde. Misozi inatuluka yokha. Palibe amene anamuuza kuti amangopaka kachidutswa pamwamba pa batala.

Tsiku lina anandiimbira ali mu shopu, akufunsa kuti mazira ali kuti, poti wazungulira mafiriji onse osawapeza. Ndinamuuza kuti ayang'ane pashelefu, pafupi ndi ufa ndi shuga. Ku America mazira amatsukidwa asanagulitsidwe, kakhungu koteteza ka pachikamba kamachoka, ndiye ayenera kukhala m'firiji. Kuno satsuka. Iye anaona ngati akufuna kumupha. Ine ndinakumbuka lichero la mazira la agogo anga, pansi pa bedi.

Nanga tiyi? Iye sankamwa wotentha. Wa kwawo ndi wozizira, wa shuga wambiri, wodzaza ndi ayisi. Mwamuna wake akapempha kapu, ankatenthetsa madzi mu microwave n'kuponyamo kathumba. Si ulesi ayi. Magetsi a m'nyumba za ku America ndi a mavoti 120, kuno ndi 230, choncho ketulo yamagetsi kuno imawira msanga ndipo nyumba iliyonse ili nayo, pamene kwawo ambiri alibe. Koma apongozi atamuona akuchita zimenezo anatuluka m'khitchini mwakachetechete. Musaganize kuti ndi nkhani yaing'ono. Mu Januwale 2024 katswiri wina wa chemistry wa ku America, Michelle Francl, atanena kuti kamchere pang'ono kamachotsa kuwawa kwa tiyi, manyuzipepala a kuno anaphulika, mpaka ofesi ya kazembe wa America ku London inatulutsa chikalata chanthabwala chotonthoza anthu.

## Bokosi la pakona

Kalata ya laisensi ya TV itafika, anaganiza kuti ndi akuba. Kulipira kuti uonere TV yako yomwe, m'nyumba mwako momwe? Mwamuna wake anamufotokozera kuti ndalama imeneyo, imene mu Epulo 2025 inafika pa £174.50 pachaka, ndi imene imayendetsa BBC, n'chifukwa chake pa BBC palibe zotsatsa malonda. Anadandaula miyezi iwiri. Kenako usiku wina anaonera pulogalamu ya ola lathunthu popanda woidula kuti amugulitse mankhwala kapena galimoto, ndipo kudandaula kunatha.

Khomo loyamba linali The Great British Bake Off, pulogalamu ya mpikisano wophika makeke ndi buledi, imene inayamba pa BBC mu 2010 n'kusamukira ku Channel 4 mu 2017. Anali ataioneranso kwawo. Chimene sankamvetsa n'chakuti anthu amapikisana masabata ambirimbiri m'tenti, wopambana n'kungolandira mbale yagalasi yoikapo keke ndi maluwa. Palibe ndalama. Keke ya wina ikagwa, anzake opikisana nawo amathamanga kukamuthandiza. Anandiuza kuti kwawo mpikisano wotere ukanakhala ndi mamiliyoni ndi kutukwanizana. Ndikuganiza kuti apa ndi pamene anayamba kuona kuti kufatsa kwa anthu a kuno si kuzizira mtima nthawi zonse.

Koma m'nyumba ya apongozi mfumu inali Coronation Street. Sewero limeneli linayamba pa 9 Disembala 1960 pa kanema wa ITV ndipo likuonetsedwabe mpaka lero, nkhani ya anthu wamba a mumsewu umodzi wa kufupi ndi Manchester, ndi bala yawo ya pakona. Apongozi aakazi anayamba kulionera ali mtsikana. Amadziwa amene anakwatira ndani, amene anafa chaka chiti, ngati mmene amayi anga amadziwira mibadwo ya m'mudzi mwathu. Nyimbo yake ikayamba, foni siiyankhidwa.

Mnzangayu poyamba ankafunsa chifukwa chake anthu a pa TV amaoneka ngati a pamsika, mano osawongoka, makhitchini opanikiza, zovala zakutha. Masewero a kwawo, ngakhale wosauka amakhala m'nyumba yaikulu. Kalankhulidwe kawonso sankakamva, ankachita kuyatsa mawu olembedwa m'munsi, Chingerezi chake chomwe. Ndipo ankalankhula sewero lili mkati. Apongozi ankangokweza voliyumu pang'ono.

Chimene chinamukopa ndi ketulo. Anaona kuti sewero likangoima kuti atsatse malonda, apongozi aamuna amanyamuka kupita ku khitchini, ndipo pazenera umatha kuona magetsi a makhitchini a mumsewu wonse akuyaka. Mwamuna wanga anatiuza kuti amene amayendetsa magetsi a dziko lino amatsatira ndandanda ya TV pa chifukwa chimenechi. Mu 1990, England itagonja kwa West Germany pa mapenate mu semifainolo ya World Cup, magetsi ofunika anakwera mwadzidzidzi ndi mamegawati 2,800, anthu ovulala mtima akuthamangira ku maketulo nthawi imodzi. Iye anakhala chete, kenako anati, ndiye kuti dziko lonse likamva chisoni limawiritsa madzi? Tinaseka. Sindinadziwe kuti mawuwo wawasunga.

Ine panthawi ya sewero ndinkakhala ku sinki ndikutsuka mbale. Ndinkati ndiwo ulemu wa mtengwa.

## Lachinayi la mu Novembala

Thanksgiving, tchuthi cha ku America choyamika, imakhala Lachinayi lachinayi la mwezi wa Novembala. Kwawo dziko lonse limaima, anthu amayenda mitunda italiitali kuti akadye ndi makolo. Kuno ndi tsiku wamba, mdima 4 koloko, anthu ali ku ntchito. Chaka chake chachiwiri, madzulo a tsikulo, ndinamva kugogoda. Anali iye, maso atatupa.

Anakhala patebulo langa n'kuyamba kukhuthula. Anati watopa ndi kufunsidwa "You alright?", kutanthauza kuti uli bwino, tsiku lonse, poti miyezi yoyamba ankaganiza kuti akuoneka wodwala, ndipo atayamba kuyankha moona, anthu ankathawa. Unali moni chabe. Anati mu Malichi anaphonya tsiku la amayi la kuno, chifukwa kwawo limakhala Lamlungu lachiwiri la Meyi, ndipo apongozi sanalandire khadi yochokera kwa iye. Apa ndinamumvetsa, poti ine ndimasunga masiku awiri, la apongozi mu Malichi ndi la amayi anga pa 15 Okutobala. Anati ku bala anadzigulira chakumwa chake yekha, osadziwa kuti kuno mumagulirana mosinthana, ndipo anthu anamutcha woumira. Anati akayamikira munthu ndi mtima wonse amamuyang'ana ngati akunama, ndipo akamunyoza mwanthabwala, kumene kuno ndi chizindikiro chakuti akulandira, iye amakalira kubafa.

"Achemwali," anatero, poti ndi mmene ndinamuphunzitsira kunditchula, "inu mukalakwa amati simunadziwe. Ine ndikalakwa amati ndikudziwa koma sindifuna."

Mawuwo anandilasa, chifukwa ndi zimene inenso ndinkanena.

Ndinamufunsa chimene akanadya tsikulo akanakhala kwawo. Anatchula nkhukundembo, mbatata, masamba ophika nthawi yaitali, therere, ndi buledi wa chimanga. Atafotokoza mmene amayi ake amaphikira bulediyo, ufa wa chimanga, soda, mkaka wosasa, m'chiwaya chachitsulo, ndinanyamuka n'kutsegula kabati. Ndinali ndi ufa wogula ku shopu ya anthu a ku Africa ku Manchester, ndi nthochi zitatu zakupsa. Ndinaphika chigumu. Chitatuluka mu uvuni ananunkhiza, nanyema chikadali chamoto, n'kulira kachiwiri, koma kulira kwina. Anati n'chotsekemera kuposa cha amayi ake, koma fungo ndi lomwelo. Usiku umenewo tinazindikira kuti tonse awiri ndife ana a chimanga, okwatiwa m'dziko la tirigu ndi mbatatesi.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kumunong'oneza. Koma tiyi sanamwebe.

## Tsiku limene apongozi aamuna anatisiya

Anamwalirira ku chipatala m'bandakucha, Lachitatu, m'nyengo yozizira. Pofika 10 koloko tonse tinali titasonkhana kunyumba.

Ine ndinabwera ndi chikwama. Munali zitenje ziwiri, duku ndi bulangete, poti kwathu mtengwa sagona kwake pamene apongozi aferedwa. Umagona pasiwa, pansi, pambali pa namfedwa, mpaka maliro ataikidwa. Mnzangayu anabwera ndi mbale ziwiri zazikulu zokutira, makaroni a tchizi ndi nkhuku, zimene anaphika chimvereni uthenga. Kwawo ku Tennessee nako maliro ndi khamu. Anansi amabwera ndi chakudya mpaka firiji kukana kutseka, ampingo amadzaza nyumba, ndipo munthu amaikidwa pasanathe masiku ambiri. Tinakumana pageti, wina ndi bulangete, wina ndi mbale, tonse tikuyembekezera kupeza anthu.

Munalibe munthu. Makatani anali otseka theka. Anansi ankabwera mwakachetechete, kulowetsa khadi pa kabowo ka makalata ka pachitseko, n'kubwerera osagogoda. Kuno maliro amatha kudikira masabata awiri kapena atatu, ndipo masiku amenewo banja limasiyidwa lokha, poti anthu amati kulowerera ndi kuvutitsa. Ine mpaka lero sindinazivomereze mumtima. Munthu woferedwa safunika kumva wotchi ikugunda.

Apongozi anali pampando wawo, atavala bwinobwino, tsitsi atapesa. Mnzangayu anathamanga kukawakumbatira, ndipo iwo anauma thupi ngati mtengo, namusisita paphewa kawiri, nati, "Basi, mwanangu, tisachite phokoso." Ataona mbale zija anati n'zambiri, adya ndani. Ataona bulangete langa anati ndisavutike, iwo ali bwino. Ana awo aamuna awiri anaima pazenera, manja m'matumba, akukambirana za mapepala a ku kaunsolo. Palibe amene ankalira. Ine ndinakhala pakona, kulira kwa kwathu kutandidzaza pakhosi, ndikudziwa kuti ndikakutulutsa ndiwaopsa.

Sindinaone pamene mnzangayu anatuluka. Ndinangomva madzi akuthiridwa, kenako kaphokoso ka ketulo kaja, koyamba ngati mvula yakutali.

Anakhalitsa. Nditasuzumira ndinamuona akutsuka tiipoti ndi madzi otentha kuti ifunde, monga amachitira apongozi. Anaika timatumba, nathira madzi akuwira, navundikira ndi kachipewa koluka kaja, nadikira akuyang'ana wotchi. Kenako anabwera ndi thireyi. Apongozi anawapatsa kapu yawo ya maluwa yobenthuka pamlomo, tiyi wakuda bii, kadontho ka mkaka, shuga supuni imodzi. Mwamuna wanga wopanda shuga. Mwamuna wake wamkaka wambiri. Ine masupuni atatu, monga mwana wa ku Zomba. Sanafunse aliyense.

Pathireyi panatsala kapu imodzi. Inali yaikulu yabuluu, ya chithunzi cha sitima, shuga masupuni awiri. Manja ake anali atapanga okha. Anaima pakati pa chipinda atainyamula, akuyang'ana mpando wopanda munthu, nkhope itayera, milomo ikunjenjemera. Anayamba kupepesa.

Apongozi anayang'ana kapuyo nthawi yaitali. Kenako anati, "Waikamo awiri?"

"Awiri, amayi."

Ndi pamene analira. Osati mokweza ayi, koma thupi lonse linagwedezeka, ndipo ana awo anachoka pazenera. Ine ndinagwada pamapazi awo, nditagwira maondo awo, ndipo sanandikankhe. Patapita nthawi anapukuta maso, nayang'ana mtengwa wawo wa ku America amene anali chiimire ndi kapu ija, nati, "Imwa iweyo, mwanangu. Bambo ako sankafuna tiyi wotayidwa."

Anakhala pansi pakapeti, pafupi ndi ine, namwa yense mpaka pansi. Inali kapu yake yoyamba ya tiyi wamkaka wotentha m'nyumba imeneyo.

Nthawi imeneyo Coronation Street inkaonetsedwa Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, 8 koloko usiku. Itatsala pang'ono kukwana, apongozi anayang'ana wotchi, nayang'ana rimoti, nachita manyazi. Mnzangayu anayatsa TV osafunsa. Sanalankhule mawu amodzi ola lonse. Sewero litaima pakati, ananyamuka kupita ku khitchini, ntchito imene zaka zonsezo inali ya malemu. Usiku umenewo apongozi anandiuza kuti ngati bulangete lija ndabwera nalo kale, palibe chifukwa cholibweza. Ndinagona pansi m'chipinda mwawo masiku 5.

## Zimene ndinapeza mu foni yake

Patapita masabata ndinamufunsa mmene anadziwira tiyi wa aliyense. Anatsegula foni n'kundionetsa. Anali ndi tsamba lalitali limene anayamba kulemba usiku wa chigumu uja. Munali tiyi wa munthu aliyense m'banjamo ndi kapu yake. Munali mayina a anthu a mu sewero lija ndi maubale awo. Munali mawu amene apongozi amanena ndi tanthauzo lake lenileni pambali. Munali tsiku la Bonfire Night, 5 Novembala, usiku wosonkha moto waukulu panja, ndi mawu akuti asafunsenso chifukwa chimene amawotchera chidole cha Guy Fawkes, munthu wakale amene anafuna kuphulitsa nyumba ya malamulo. Munali zakuti pa Khirisimasi chakudya chithe isanakwane 3 koloko chifukwa cha uthenga wa mfumu pa TV, ndi kuti kachisoti kapepala kamene amavala pa chakudyacho sachotsa mpaka aliyense atadzuka patebulo.

Ndinawerenga ndili chete. Ine miyambo ya kuno ndinailowa mosavuta, ndipo chifukwa cha chimenecho sindinaifunsepo. Ndinkalandira tiyi, ndinkathokoza, ndinkatsuka mbale, ndipo m'zaka zonsezo sindinadziwe kuti kapu ya maluwa ija inali mphatso ya ukwati wawo. Iye anadziwa. Chilichonse chimene anakhumudwapo anachitola n'kuchiyang'anitsitsa. Tsopano sewero likayamba mbale ndimazisiya mu sinki.

Sikuti wasanduka Mngerezi. Black pudding sadya, Marmite salowa m'nyumba mwake, ndipo firiji yake ndi yokhayo mumsewumo yodzaza ndi ayisi m'mwezi wa Januwale. Nyemba pa buledi amadya akatopa, ngakhale savomera pagulu. Munthu akamuponda phazi mu basi amapepesa ndi iye. Thanksgiving timachita Loweruka lotsatira, kwa iye. Ine ndimabwera ndi chigumu ndi therere, apongozi amabwera ndi ma Yorkshire pudding, ndipo amadya mbatata yotsekemera ija supuni imodzi n'kunena kuti ndi zachilendo ndithu. Tsopano tonse timadziwa tanthauzo lake, ndipo iye amawaonjezera dala theka la supuni.

Pali zimene zamutayika, ndipo sazibisa. Mwana wake amamutcha "mum", osati "mom", ndipo tsiku loyamba kumva zimenezo anakhala m'galimoto kanthawi asanalowe m'nyumba. Akaimba foni kwawo, abale ake amati mawu ake asintha. Ine ndimazidziwa zimenezo. Nanenso ndikafika ku Zomba amati ndimayankhula ngati wofulumira kukakwera sitima.

Chilimwe chathachi amayi ake anabwera kudzacheza, ulendo wawo woyamba kuwoloka nyanja. Lamlungu tinapita nawo kwa apongozi. Atangokhala pansi, apongozi ananyamuka, natenga ketulo, n'kufunsa ngati angamwe tiyi. Mayiwo anamwetulira mano onse panja, dzanja likulowa kale m'chikwama mmene munali botolo la madzi. Ndinaona mwana wawo akuwagwira pamkono pansi pa tebulo.

"Amwa, amayi," anatero. "Mkaka pang'ono, shuga awiri. Khalani pansi, ndipanga ine."